Mchere M'makope Anayi

Ndine mzamba, dzina langa Shefali.
Ntchito yanga ndi mimba za eni,
za minda sindidziwa.

Koma chaka chija amayi asanu ndi awiri
anabwera miyendo itatupa ngati mitsamiro,
magazi akuthamanga,
ndipo Anowara anakomoka m'bwato
tisanafike ku Shyamnagar.
Ndinalemba m'kope: achepetse mchere.
Atatsitsimuka anandiseka.
"Mayi, mchere sindigula.
Umabwera wokha mumtsuko."

Mwezi womwewo Bidhan wa zaulimi
ankabaya nthaka ndi kachitsulo kake,
mpunga utawauka nsonga popanda moto.
Analemba: asinthe mbewu.
Mofizul, injiniya, anayeza khoma la dothi
lotchinga mtsinje, nalemba: likwezedwe.
Aphunzitsi a Rehana anawerenga mabenchi opanda atsikana,
eni ake ali pa ulendo wa maola atatu
kukasaka madzi omweka.
Analemba: makolo alangizidwe.

Aliyense kope lake,
aliyense bwana wake ku Khulna.

Sunatikumanitse msonkhano ayi.
Inali mvula. Bwato linakana kuwoloka,
tinausa pa shopu ya tiyi ya Gofur,
mitu inayi, denga likudonthabe,
makope tikuyanika pa benchi imodzi.
Masamba anamatirirana.
Pomatula ndinawerenga la Bidhan,
Rehana la Mofizul,
ndipo liwu linali lomwelo
m'zolemba za manja anayi.

Gofur, akusefa tiyi, osatiyang'ana n'komwe:
"Nonsenu sukulu munapita nayo patali.
Ndani wafunsa kuti kiyi wa chitseko cha madzi
amagona m'thumba la yani?"

Zii.

Kiyi anali kwa mwini maiwe a nkhanu.
Nyanja ikakwera usiku, mnyamata wake ankatsegula,
mchere n'kulowa mwaulemu ngati mlendo woitanidwa,
kudutsa m'ngalande, m'munda, m'chitsime,
mpaka m'mitsempha ya Anowara.

Musaganize kuti tinatha m'mawa mwake.
Panapita mvula ziwiri.
Panafunika mtsikana wina wa zamalamulo
amene anafukula mapu odyedwa ndi njenjete
osonyeza kuti ngalandeyo ndi ya anthu onse.
Mofizul anakwiya sabata yathunthu
tisanamugonjetse kuti akumbe ngalande
m'malo mokweza khoma.
Mbewu yopirira mchere sinachokere kwa Bidhan;
inali m'chitini cha mkulu wina wosamva,
ndipo Bidhan anavula nsapato pokaipempha.
Ana a Rehana Lolemba lililonse
amamiza kachipangizo m'dziwe
n'kulemba nambala pa bolodi, pansi pa deti.
Ine ndinapempha matanki a madzi a mvula.
Anabwera atatu. Ndinapempha khumi.

Ndiye pali ichi chimene palibe kope linachiona:
amuna makumi atatu ankadya za m'maiwe aja,
mmodzi wa iwo mwamuna wa Anowara.
Tsiku limene kiyi anapita kwa komiti ya amayi
iye anakwera basi ya ku Dhaka
kukaumba njerwa.
Sanatsanzike kwa ine. Sindimuda.

Tsopano tili asanu ndi mmodzi pa benchi ya Gofur,
tikukangana za mbuzi, za ngongole, za msika wa masamba,
za mmene munthu angabwerere kwawo
osabweretsanso nyanja.
Yankho sitinalipeze.

Dzulo Anowara anabwera ndi mwana kudzayezetsa.
Miyendo yaphwa. Kiyi ali pa chingwe m'khosi mwake,
sabata ino ndi yake.
Anandithirira madzi a mumtsuko, nandiyang'anitsitsa.
Ndinamwa pang'onopang'ono,
lilime likufufuza ngati wapolisi.

"Ulipobe," ndinatero.

"Ulipo," anavomera.
"Koma tiyi wayamba kumveka tiyi."